Kope la m'dimba: kalembedwe kake ndi kagwiritsidwe ntchito kake

Mukafunsa mlimi wa tomato mu Okutobala kuti anafesa liti, amayankha kuti "cha mu Meyi muja, mvula itangosiya." Mukafunsa kuti bedi la pafupi ndi chitsime munali mbewu yanji chaka chatha, bambo anena anyezi, mayi anena tomato, ndipo onse awiri alumbira. Komatu masabata awiri okha pa kafesedwe ndi amene amasiyanitsa tomato wopsa msika uli ndi njala ndi tomato wopsa pamodzi ndi wa mudzi wonse. Ndipo tomato wobwerezedwa pa bedi la tomato ndi amene amafota ali ndi maluwa. Mutu umasunga bwino chaka cha phindu ndi chaka cha tsoka, koma masiku, miyezo ndi malo umasokoneza. Ntchito ya kope ndi kusunga zitatu zimenezi, molembedwa mofanana nthawi zonse, kuti nyengo ino muthe kuyiyerekeza ndi yapitayo.

Kope ndi cholembera

Gulani kope la chikuto cholimba, lija ana a sekondale amalembamo notsi. Kope lofewa la ana a pulayimale limathothoka masamba likangonyowa kawiri. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imatha kuyenderera dontho la madzi likagwera, pamene pensulo imawerengeka ngakhale pepala litanyowa n'kuuma. Mangirirani pensuloyo ku kope ndi kachingwe, ndipo zonse muziika m'pepala la pulasitiki, ngakhale lija la shuga. Kopeli likhale la dimba lokha. Mukayamba kulembamo za banki m'khonde ndi nyimbo za kwaya, lidzapezeka ku tchalitchi tsiku limene mukulifuna ku dimba.

Foni ndi yabwino pojambula tsamba lodwala kuti mutumizire mlangizi pa WhatsApp, koma isalowe m'malo mwa kope. Imatha moto, imabedwa, ndipo zithunzi zimafufutidwa malo akadzaza.

Jambulani mapu, bedi lililonse likhale ndi dzina

Siyani tsamba loyamba lopanda kanthu, mudzalembapo mlozo wa zamkati. Pa masamba awiri otsatira, oyang'anizana, jambulani dimba lonse. Yambani ndi zinthu zosasuntha: chitsime, mtsinje, mtengo wa mango, chulu, nthochi za m'malire, njira yolowera. Onetsani kotulukira dzuwa ndi kumene madzi amatsetserekera. Kenaka jambulani mabedi ndi kuwapatsa mayina afupiafupi: mzere woyamba A1, A2, A3, wachiwiri B1, B2, B3, choncho. Mayinawa alembedwenso pa zikhomo ku dimba komweko. Kachidutswa ka chigubu chakale kolembedwa ndi msomali wotentha kamakhala zaka, pamene pepala kapena makala sizitha mwezi.

Yezani bedi lililonse ndi kulemba muyezo wake pa mapu. Ngati mulibe tepi, dulani ndodo ya mita imodzi poyezera pa rula ya mwana wa sukulu. Ngati mukukonza mabedi atsopano, apangeni onse ofanana, mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Masamu onse a kutsogoloku amaphweka mabedi akafanana chonchi, ndipo mita imodzi m'lifupi imalola kupalira pakati osapondapo.

Dzina la bedi lisasinthe ngakhale mbewu isinthe. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amalemba kuti "bedi la kabichi," ndipo chaka chamawa kabichi ali kwina, palibe akudziwa kuti ankanena bedi liti.

Ngati mukulemberamonso za munda wa chimanga, ugaweni zigawo motsatira nthaka, monga kumtunda, pakati ndi kudambo. Ekala imodzi ndi pafupifupi masitepe aakulu 70 mbali iyi ndi 70 mbali inayo, kapena masikweya mita 4,047. Ndi bwino kuyezadi, chifukwa minda yambiri yotchedwa ekala sikwana ekala, ndipo feteleza ndi zokolola zimawerengedwa molakwika kuyambira pamenepo.

Gawani kope patatu

Mbali yakutsogolo, pambuyo pa mapu, patsani bedi lililonse tsamba lakelake, dzina la bedi pamwamba. Pakati pa kope pakhale zolemba za tsiku ndi tsiku, motsatira madeti. Masamba 15 kapena 20 akumapeto asungireni mvula ndi ndalama. Lembani manambala a masamba onse lero lomwe.

Chifukwa chogawa chonchi n'chakuti mafunso amene mudzafunse ali mitundu iwiri. Lina ndi lakuti "chinachitika n'chiyani sabata ija?" ndipo limayankhidwa ndi zolemba za tsiku ndi tsiku. Lina ndi lakuti "bedi ili lakumana ndi zotani chiyambire?" ndipo limeneli simungaliyankhe pofufuza masamba 60 a madeti. Tsamba la bedi ndilo limayankha.

Zolemba za tsiku ndi tsiku

Mzere uliwonse ukhale ndi zinthu zinayi: deti, bedi, chimene chachitika, ndi kuchuluka kwake. Deti likhale ndi chaka, chifukwa kope likatha zaka ziwiri "12 Juni" sakuuzaninso kanthu. Onani kusiyana kwa mizere iwiri iyi:

Ndathira manyowa ku tomato.

20/5/2025, B3, manyowa a mbuzi owola bwino, ndowa 4 za malita 20, ndasakaniza ndi dothi ndisanawokere.

Mzere woyamba ndi nkhani chabe. Wachiwiri mutha kuubwereza chaka chamawa ngati tomato achita bwino, kapena kuusintha ngati sachita bwino.

Lembani muli ku dimba, musanasambe m'manja. Zolemba madzulo kunyumba zimakhala zoyerekeza, ndipo zolemba Loweruka za sabata yonse zimakhala zopeka. Mphindi zitatu zikwana. Tsiku limene simunapite ku dimba kapena simunathirire, lembaninso, chifukwa mipata yotereyi ndi imene imadzafotokoza mavuto ambiri.

Miyezo yanu ikhale yodziwika. Pa tsamba lomaliza la kope lembani kuti ndowa yanu ndi ya malita angati, keni ya malita angati, beseni lanu la tomato limalemera makilogalamu angati likadzaza. Kaliyezeni kamodzi pa sikelo ya wogula soya kapena ya pagolosale. Mukamayeza feteleza ndi chitsekerero cha botolo, lembani ngati ndi chosefukira kapena chodulira, popeza pa mapando 500 kusiyanako kumafika makilogalamu. Muyezo wa "dzanja limodzi" ndi wosathandiza, dzanja la bambo ndi la mwana wa sitandade 6 si limodzi.

Tsamba la mbewu ndi masiku ofunika

Mukagula mbewu, lembani dzina lake lonse monga lalembedwera pa paketi: Tengeru 97, Tanya kapena Rodade ngati ndi tomato, Red Creole kapena Texas Grano ngati ndi anyezi, SC 403 ija ya Kanyani kapena SC 719 ija ya Njovu ngati ndi chimanga. Lembani kumene mwagula, mtengo, nambala ya gulu la mbewuyo imene imadindidwa pa paketi, ndi tsiku limene inapakidwa kapena lothera ntchito. Paketi yopanda kanthu ndi lisiti zimateni kapena kuzisokerera pa tsamba lomwelo. Mbewu yachinyengo, chimanga wamba chopakidwa utoto, imapezeka m'misika chaka chilichonse mvula ikayandikira, ndipo wopanda paketi ndi lisiti alibe poyambira kudandaula. Ngati mbewu ndi yosunga nokha, lembani choncho, ndi chaka chimene munakolola. Mbewu ya haibulidi, yolembedwa F1, ikabwerezedwa imabereka mosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika, choncho muyenera kudziwa kuti mwaibwereza kangati.

Musanafese mbewu yokayikitsa, iyeseni. Werengani njere 20, zikulungeni m'kansalu konyowa, ikani pamthunzi, muzinyowetsa tsiku lililonse, ndipo pakatha sabata werengani zomera. Za tomato ndi anyezi zipatseni masiku 10. Zikamera 17 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Zikamera 12, fesani mowirikiza. Zikamera zosakwana 10, musataye nayo nthawi. Lembani zotsatirazo.

Pa tsamba la bedi, masiku oyenera kulembedwa ndi awa: kufesa ku nazale, kumera, kuwokera, kupakiza, maluwa oyamba, kuthyola koyamba ndi kuthyola komaliza. Onjezani chiwerengero cha mbande zowokeredwa ndi mipata yake. Tiyerekeze tsamba la B3 lalembedwa motere: kufesa 4 Meyi, kuwokera 3 Juni, mbande 32, kupakiza 3 pa 9 Juni, kuthyola koyamba 17 Ogasiti. Ndiye kuti mbande zinakhala masiku 30 ku nazale, ndipo panatenga masiku 75 kuchokera powokera kufika pothyola, onse pamodzi 105.

Nambala ya 105 imeneyi ndi yanu, ya dimba lanu ndi mbewu yanu, ndipo ndi yodalirika kuposa yolembedwa pa paketi. Nyengo yozizira ya ku Dedza kapena ku Tsangano imachedwetsa mbewu imene ku Chikwawa imathamanga. Mukakhala nayo, mutha kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Tomato amakwera mtengo nthawi ya dzinja, madimba ambiri atamira, ndipo amatsika m'chilimwe aliyense akuthyola. Wofuna kuyamba kugulitsa pakati pa Febuluwale, pa masiku 105, ayenera kufesa kumayambiriro kwa Novembala, pamalo okwera osadikha madzi. Kukatentha masikuwo amachepa pang'ono, ndipo tomato wa dzinja amafuna timitengo ndi mankhwala a chiwawu ochuluka. Izinso mudzazidziwa bwino mukalemba nyengo ziwiri zonsezo n'kuziika pamodzi.

Ku chimanga lembani tsiku lobzala, lomera, lothira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, lopalira, lobandira ndi lomasula ngayaye. Lembaninso mipata. Pa kabzalidwe ka Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, ekala imakhala ndi mapesi pafupifupi 21,500. Patatha masabata atatu werengani mapesi pa mamita 10 a mzere m'malo anayi osiyana. Payenera kukhala 40. Mukapeza 28, zokolola zatsika kale ndi gawo lalikulu feteleza asanalakwe chilichonse, ndipo mufufuze mbewu, mbewa, nkhwali kapena kuya kwa mapando.

Mvula ndi madzi othirira

Apa m'pofunika kufatsa, popeza madzi ndiwo amafotokoza zambiri za m'dimba kuposa china chilichonse.

Choyezera mvula mutha kupanga nokha. Pezani chitini chowongoka, chimene kukamwa ndi pansi pake n'zofanana kukula, chopanda mkombero wopindikira mkati. Botolo lokhala ndi khosi kapena ndowa yotambasuka kumwamba zimanamiza. Khomani mtengo pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo khazikani chitinicho pamwamba pake mowongoka, pamene mbuzi ndi ana sangachigwetse. M'mawa uliwonse nthawi ya 8 koloko, imene a zanyengo amawerengeranso zoyezera zawo, pisani kamtengo kouma kowongoka mpaka pansi, katulutseni, ndipo yezani ponyowapo pa rula. Musapise rula yeniyeniyo, chifukwa marula ambiri ziro wake sayambira kumapeto kwenikweni, ndipo mudzaphonya mamilimita atatu kapena asanu tsiku lililonse. Mukawerenga khuthulani.

Pa tsamba la mvula jambulani mizati ya miyezi ndi mizere 31 ya masiku. Tsiku lopanda mvula lembani 0. Tsiku limene simunawerenge ikani kamzere. Ziwirizi zisasokonezeke, chifukwa maziro ondondozana ndiwo amakuwonetsani kutalika kwa ng'amba. Amene analemba m'nyengo ya 2023/24, pamene El Niño anaumitsa chimanga m'maboma ambiri mpaka boma kulengeza za ngozi mu Malichi 2024, akudziwa kuti kwawo kunauma masiku angati komanso mbewu iti inapirira. Ena onse amangokumbukira kuti kunali dzuwa.

Tsambali limatetezanso ku chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imanyengerera anthu kubzala kenaka n'kusowa masabata atatu. Lembani mamilimita amene anagwa musanabzale, ndipo kumbani ndi khasu muone kuti chinyezi chalowa masentimita angati. Pakatha zaka zitatu mudzakhala mukudziwa mvula imene imameretsa chimanga pa nthaka yanu, yamchenga kapena yamakande.

Kuthirira kuwerengeni m'makeni pa bedi. Lita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi chimodzimodzi milimita imodzi ya mvula. Ndiye kuti keni ya malita 10 pa bedi la mita imodzi kwa mamita 10 ndi milimita imodzi yokha, kungonyowetsa fumbi. Mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, ndiwo zamasamba zokula zimatha kumwa mamilimita 5 mpaka 7 patsiku, kutanthauza makeni 5 mpaka 7 pa bedi lililonse. Mu Juni zimafuna ochepera. Ambiri akawerenga koyamba amadabwa kupeza kuti akhala akuthira theka la madzi ofunika, ndipo amazindikira kuti mabedi 20 ndi ochuluka kwa anthu awiri onyamula makeni. Wothirira ndi pampu ya sola, ya injini kapena yopalasa alembe mphindi pa bedi, atayeza kaye kuti paipi yake imadzaza ndowa ya malita 20 m'masekondi angati. Kamodzi pa sabata, kuyambira Ogasiti, pisani ndodo m'chitsime ndi kulemba kuya kwa madzi m'mawa musanatunge. Chaka chamawa mudzadziwa mwezi umene chitsime chimakugwiritsani mwala, ndipo simudzawokera kabichi woti adzafune madzi ambiri mwezi womwewo.

Za nyengo zina lembani mwachidule pamene zachitika: chiperoni cha masiku angapo, mwera wamphamvu, chisanu chowaula mbewu m'dambo mu Juni kapena Julayi, matalala, madzi osefukira ndi pamene anafika pa mapu.

Tizilombo, matenda ndi mankhwala

Lembani zimene maso aona, dzina la matenda libwere pambuyo. "B3 yadwala chiwawu" mwina n'zoona mwina ayi. Koma "B3, mitengo 6 mwa 32, masamba apansi ali ndi mawanga akuda ozungulira okhala ndi mizere ngati ya chala, apamwamba ali bwino" ndi mawu amene mlangizi angagwiritse ntchito ngakhale pa foni. Nthawi zonse lembani kuti ingati mwa ingati, mbali iti ya bedi, masamba akale kapena anthete. Pakatha masiku atatu werenganinso. Vuto loyenda kuchoka pa 6 kufika pa 15 ndi lina, loima pa 6 ndi linanso.

Tomato akafota masana masamba ali obiriwira, nthaka ili yonyowa, zulani mtengo umodzi. Mizu ikakhala ndi timfundo totupa tosachoka pofikisa, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka. Izi n'zosiyana ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba ndi soya, timene timathothoka mosavuta ndipo mkati mwake ndi mofiirira, tija tothandiza nthaka. Mizu ikakhala yosalala, dulani thunthu pafupi ndi pansi, lowetsani kumapeto kwake m'tambula ya galasi ya madzi oyera, ndipo dikirani mphindi zingapo osagwedeza. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchoka podulidwapo, ndi matenda ofotetsa a bakiteriya, amene alibe mankhwala opopera ndipo amakhala m'nthaka zaka. Chimenechi chilembeni ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba la bedilo komanso pa mapu.

Ku chimanga, mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo ija imene inafika m'Malawi m'nyengo ya 2016/17 imafuna kuyendera munda kamodzi kapena kawiri pa sabata kuyambira chitangomera. Yendani mokhotakhota ngati chilembo cha W, imani malo asanu, ndipo pamalo aliwonse yang'anani mu nsonga za mapesi 10 ondondozana. Lembani kuti mwa mapesi 50 ndi angati ali ndi timawindo pamasamba kapena ndowe zatsopano zonga utuchi. Pa chimanga chaching'ono, mapesi 10 mwa 50 ndi chizindikiro chakuti nthawi yochitapo kanthu yakwana. Mbozi ikakula n'kubisala pansi pa ndowe zake mankhwala saifikanso bwino.

Mukapopera, lembani zinthu zisanu: dzina la pa botolo, dzina la mankhwala enieni amene ali mkatimo lolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, muyezo pa sipuleya ya malita 16 kapena 20, mabedi opoperedwa, ndi tsiku loyamba lololedwa kuthyola. Lachisanuli liwerengeni nthawi yomweyo kuchokera pa masiku odikira olembedwa pa botolo, ndipo lizungulizeni ndi pensulo kuti aliyense wa pakhomo alione. Repu wopoperedwa Lachitatu n'kuthyoledwa Lachisanu amadyedwa ndi ana a munthu wina, nthawi zina anu omwe. Dzina la mkati ndi lofunika chifukwa mabotolo atatu a mayina osiyana atha kukhala cypermethrin yemweyo. Mlimi amaganiza kuti akusinthasintha mankhwala pamene akubwereza amodzi, tizilombo n'kuzolowera. Tuta absoluta, kambozi koboola masamba ndi zipatso za tomato, ndi katswiri pa kuzolowera kotereku. Pakatha masiku atatu kapena anayi lembani ngati mankhwalawo agwira. Chimodzimodzi ndi mankhwala opanga nokha a nimu, ombwe kapena tsabola: masamba ochuluka bwanji, madzi malita angati, ananyikidwa maola angati.

Manyowa opanga nokha nawonso alembedwe tsiku lowaumba, zosakaniza ndi tsiku lotembenuza. A Mbeya amafuna masiku 21 ali otsekedwa m'thumba, ndipo miyezo ya gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza imasiyanako malinga ndi amene anakuphunzitsani, choncho lembani imene mwatsata inuyo.

Zokolola ndi ndalama

Kuthyola kulikonse kulembedwe pa tsamba la bedi: deti ndi kuchuluka, m'mabeseni, m'mipukutu kapena m'makilogalamu. Lembani zonse, zogulitsa, zodya pakhomo, zopita ku maliro, zopatsa achibale ndi zowola. Mukalemba zogulitsa zokha, bedi la mpiru limene ladyetsa banja miyezi iwiri lidzaoneka ngati lolephera.

Kumapeto kwa kope, tsamba lamanzere likhale la ndalama zotuluka, lamanja zolowa. Zotuluka zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi ganyu wolipidwa ndi ufa kapena ndiwo, petulo wa pampu, timitengo ndi luzi, kabaza wopita kumsika ndi chiphaso cha msika. Pambali pa mtengo lembani kuchuluka kwa katunduyo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yolembedwa chaka chimenecho siyerekezekanso ndi ya lero, koma "makilogalamu 5 a Urea" ndi makilogalamu 5 chaka chilichonse. Njira ina yabwino ndi kulemba kuti thumba la feteleza linafuna mabeseni angati a tomato. Lembaninso masiku amene inu ndi a pabanja panu mwagwira ntchito pa mbewu iliyonse, ngakhale simudzilipira.

Tsiku la msika, ngakhale musakugulitsa, funsani mtengo wa beseni la tomato, mutu wa kabichi ndi ndowa ya anyezi, mulembe. Mzere umodzi pa sabata, kaya ndi pa Lizulu, pa Jenda, pa Bvumbwe kapena pa kamsika ka kwanuko, pakutha pa chaka umakupatsani kalendala ya mitengo imene palibe angakugulitseni.

Kuwerenga zimene mwalemba

Lamulungu madzulo, kapena tsiku lina lokhazikika, tengani mphindi 10 kukopera zofunika za sabatayo kuchoka pa madeti kupita pa masamba a mabedi, ndi kulemba ntchito za sabata ikubwerayo pamodzi ndi masiku ake.

Vuto likaoneka, bwererani m'mbuyo masabata awiri kapena atatu, chifukwa chimene chikuoneka lero kawirikawiri chinayamba kale. Tomato wakuda kumatako nthawi zambiri si matenda opopera. Yang'anani pa madeti ndipo mudzapeza masiku amene bedi linagona ndi ludzu zipatso zili zazing'ono, mwina sabata ija kunali maliro, kenaka n'kuthiridwa madzi ambiri. Madzi akamabwera modukizadukiza, kashiamu, mchere wolimbitsa chipatso umene mbewu imamwa pamodzi ndi madzi, safika kunsonga ya chipatso. Tomato wong'aluka amatsatira madzi ochuluka obwera pambuyo pa kuuma. Mbande zogwa ku nazale, zowola patsinde, zimatsatira kufesa mothithikana, mthunzi wochindikala ndi kuthirira madzulo. Masamba opserera m'mbali patatha masiku awiri muthirire feteleza amasonyeza kuti anayandikira tsinde kapena nthaka inali youma. Akangaude ofiira akabuka mu Sepitembala, werengani kuti mwapopera kangati mankhwala a mtundu wa cypermethrin, amene amapha tizilombo todya akangaudewo. Chiwawu chothamanga, chodetsa masamba ndi mitengo m'masiku ochepa, chimatsatira chiperoni kapena mvula yamvumbi, ndipo mukaona kawiri m'kope kuti zinatsatana motero, ulendo wachitatu mudzapopera mankhwala oteteza monga Dithane mitambo ikangoyamba, osadikira mawanga.

Kope limathandizanso kuyesa zinthu, bola musinthe chinthu chimodzi chokha. Gawani bedi pakati, mbali ina phimbirani ndi udzu, ina ayi, zina zonse zifanane, ndipo kololani mbali ziwirizo padera. Mukasintha mbewu, manyowa ndi kathiriridwe nthawi imodzi, ngakhale zitachita bwino simudzadziwa choyamika.

Mbewu ikatha pa bedi, tsekani tsamba lake ndi mizere itatu: zokolola zonse pamodzi, vuto lalikulu, ndi chimene mudzasinthe. Kenaka lembani banja la mbewuyo, popeza kasinthasintha amayendera mabanja. Tomato, mbatatesi, mabiringano, tsabola ndi fodya ndi banja limodzi. Kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi ndi lina. Anyezi ndi adyo, nyemba ndi khobwe ndi nsawawa, maungu ndi nkhaka ndi mavwende, aliwonse ndi banja lawo. Kuchotsa tomato n'kuikapo mbatatesi si kusintha. Bedi lipume ku banja lomwelo nyengo zosachepera ziwiri kapena zitatu, ndipo limene munapezamo matenda ofotetsa aja lipume zaka zingapo, muzibzalamo chimanga, anyezi kapena kabichi.

Kope likaduka kapena likadzaza

Pafupifupi aliyense amasiya kulemba pakati pa nyengo, makamaka ntchito ikachuluka. Mukapeza kuti padutsa masabata atatu, musadzaze mpatawo ndi masiku ongoganizira. Jambulani mzere, lembani kuti "kuyambira 2 mpaka 23 Julayi sindinalembe," onjezani zimene mukuzikumbukira motsimikiza ndi chizindikiro chofunsa pambali, n'kupitiriza. Ngati kulemba kukulemerani, chepetsani mpaka zinayi: tsiku lofesa, lowokera, lopopera ndi zokolola. Ngati mwini dimba salemba, mwana wa sukulu alembe pouzidwa, ndipo makeni ndi mabeseni atha kuwerengedwa ndi timizere, kamodzi pa keni iliyonse, tomangidwa tisanutisanu.

Kope likadzaza, lembani zaka zake pachikuto. M'kope latsopano koperani mapu, miyezo ya ndowa ndi keni, masiku amene mbewu iliyonse imatenga, ndi mabanja a mbewu zimene zadutsa pa bedi lililonse m'nyengo zitatu zapitazi. Lakalelo liikeni m'chitini kapena m'ndowa yotsekera, pamwamba, osati pansi pa bedi logonapo kapena kutsamira khoma la dothi, chifukwa chiswe chimatha kope la masamba 200 m'masiku ochepa.